Duwa la m'mapiri a San Gabriel lija

Achemwali, duwa mwajambula pamiyala kumtunda kwa Los Angeles lija, lapinki la timasamba titatu, ineyo ndikuti ndi Plummer's mariposa lily, asayansi amati Calochortus plummerae. Tayang'anitsitsani mkati mwakemo, muona tiubweya tachikasu tambirimbiri ngati ndevu za chimanga, chizindikiro chake chachikulu ndi chimenecho. Limakonda malo ouma amiyala pakati pa tchire la zitsamba zothithikana lotchedwa chaparral ndipo limachita maluwa kuyambira Meyi mpaka Julayi, koma moto ukapsereza tchire chaka chotsatiracho ndi pomwe amatuluka ambiri zedi. Likakhala lachikasu lonse mwina ndi mnzake wofanana naye wotchedwa Calochortus weedii. Koma chonde musakumbe kaanyezi kake kuti mukadzale pakhomo, maluwa amenewa ngosowa, amangopezeka kummwera kwa California basi.