Ana a eni pa Ilala: yankho langa kwa achemwali a ku Area 25

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati holide ikubwerayi mukufuna kukwera sitima ya Ilala kupita ku Likoma ndi ana anu awiri, mutengekonso mwana wa alamu anu wa zaka 9 ndi mtsikana wa aneba wa zaka 12, ndiye mukufunsa kuti mukonzekere zotani. Anzathu ambiri akuyankhani za kamba ndi zovala, ndipo akunena zoona. Ine ndikambako za ana awiri a eniwo, chifukwa ulendo womwewu ndinauyendapo ndi ana asanu, atatu osakhala anga, ndipo chimene chinandisowetsa mtendere sichinali cha m'chikwama ayi.

Mwana wa mwini sanena. Wanu akamva njala amalira, ikamugwira nseru amakukokani chitenje, akafuna kuchimbudzi amakudzutsani ngakhale pakati pa usiku. Wa mwini amangoti phee, chifukwa ponyamuka kwawo anamulangiza kuti "ukakhale bwino, usakawavute anti." Ndiye iye amamvera malangizowo ngakhale pamene pafunika kuvuta.

Ine ndinaziona ndi mwana wa alamu anga, mnyamata wa zaka 10. Tinagona pamwamba pa sitima, mphepo ikuwomba yozizira. Pakati pa usiku ndinadzidzimuka ndi kamawu kangati ka mwana wa mphaka. Nditayatsa tochi ndinapeza mwana uja wakhala tsonga, wagwira maondo, mapewa akukwera ndi kutsika, mpweya ukuchita kulira m'chifuwa. Anali ndi mphumu. Mayi ake sanandiuze, osati mwadala, koma poti panali patatha chaka osadwala, iwo ankangoti zinatha, ndipo kopopera kake kanatsala m'kabati ku Kawale. Anatithandiza ndi mayi wina amene ankapita ku Chizumulu, yemwe anali ndi kopopera ka mwana wake. Atapezako bwino ndinamufunsa kuti bwanji sunandidzutse. Anayankha akuyang'ana pansi kuti, "Ndimaopa, munali mutatopa." Mpaka lero ndikakumbukira mawu amenewo mtima umandiwawa.

Choncho kukonzekera kwanu kuyambe ndi kukakhala pansi ndi makolo a ana awiriwo, pamaso ndi pamaso, osati pa WhatsApp. Pakhale mayi ndi bambo omwe. Ngati anasiyana, winayo mumuimbire ndithu, ndipo ngati mwanayo akuleredwa ndi agogo kapena amalume ake, amene ali ndi mawu pa iye avomere ndi pakamwa pake. Mafunso ake musachite nawo manyazi. Kodi ali ndi mphumu, khunyu, matenda a shuga kapena siko selo? Alipo mankhwala amene amamwa tsiku ndi tsiku? Apa funsani mofatsa, muli awiri ndi mayi wake, chifukwa alipo ana amene amamwa ma ARV ndipo banja silinauze aliyense. Mankhwala amenewo sadumphitsa, ndiye mayi akakukhulupirirani n'kukuuzani, chinsinsicho chikhale chanu nokha, ngakhale ana anu asamve. Funsaninso ngati pali mankhwala kapena chakudya chimene chimamutupitsa kapena kumutulutsa ziwengo, zimene kwawo sadya chifukwa cha mpingo, ngati amakodza pogona, ngati amadziwa kusambira. Pa zosambirazi musamve za mwana. Ana a m'tauni muno amati amatha kusambira chifukwa anaviikapo miyendo ku Senga Bay.

Mtsikana wa zaka 12 uja ndiye mumuganizire mwapadera. Ndi msinkhu woti akhoza kutha msinkhu tsiku lililonse, ngakhale pa sitima pomwepo, ali pakati pa anthu osawadziwa. Funsani mayi ake ngati anayamba, komanso ngati anamulankhulapo kale. Kaya yankho likhale lotani, ikani mapadi ndi chitenje chapadera m'chikwama chanu, ndipo mumuuze muli awiri kuti zili apa, akafuna angokukodolani.

Buku la kuchipatala la mwana aliyense mulitenge, lenilenilo. Ku Likoma kuli chipatala cha St Peter's cha mpingo wa Anglican, ndipo dokotala akakufunsani mbiri ya mwana amene si wanu, bukulo ndi limene lidzakuyankhireni.

Tsopano za kalata. Likoma ndi Chizumulu zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique koma ndi Malawi yemweyu, choncho pasipoti sikufunika. Komabe musanyamuke ndi mwana wa mwini chimanjamanja. Makolo alembe kalata yonena dzina la mwana, tsiku lobadwa, dzina lanu, kumene mukupita, tsiku lonyamuka ndi lobwerera, ndi mawu oti akukulolani kupita naye kuchipatala ndi kusaina m'malo mwawo ngati patafunika kutero. Asaine onse awiri, alembe manambala awo a foni, aphatikize fotokope ya zitupa zawo za unzika ndi ya setifiketi yobadwira ya mwanayo ngati ilipo. Mukaipititsa kwa loya kapena kwa majisitireti kuti adindepo, ndiye bwino koposa. Ena aziona ngati mukuchulutsa gaga m'diwa, poti ndi ana a pachibale ndi a pakhomo. Koma dziko lino lili ndi lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la 2015, ndipo wapolisi wa pa rodibuloko akaona ana anayi a mayina a makolo osiyanasiyana m'galimoto imodzi, akhoza kufunsa, ndipo pofunsapo akugwira ntchito yake. Kalata imathetsa nkhani pa mphindi ziwiri.  

Ilala si hotela yoyandama, ndi basi ya anthu a m'mbali mwa nyanja. Inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, n'kuyamba kuyenda panyanja yathu mu 1951. Imanyamula anthu, matumba a ufa ndi a usipa, malata, simenti, nkhuku, zonse. Mwachizolowezi imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu kulowera kumpoto mpaka ku Chilumba, n'kubwerera, ulendo umodzi pa sabata. Imbani ku ofesi yawo sabata yomweyo kuti mutsimikize, ndipo makolo aja muwauziretu kuti nthawi yofika padoko imatengera mphepo ndi katundu wokweza, komanso kuti netiweki pakati pa nyanja imadukaduka. Mukapanda kuwauza, foni yanu ikangosiya kupezeka maola atatu, mayi wa mwana kuno ku Lilongwe ayamba kale kulira. Gwirizanani kuti muziimba mukafika padoko lililonse, ndipo kapawabanki kakhale kodzaza.

Holide yaitali ya sukulu imagwera nyengo ya mwera, ndipo ichi musachipeputse. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti mphepo imeneyi imachokera kummwera n'kuutsa mafunde aakulu. Akuluakulu a kumpoto amakumbukabe Vipya, sitima imene inamira mu Julayi 1946 n'kupha anthu 145. Sindikukuopsezani, Ilala yadutsa m'mwera zaka zoposa 70, koma dziwani kuti ana adzasanza ndipo usiku kudzazizira kuposa mmene mukuganizira. Majuzi, zipewa, masokosi, bulangete la aliyense, timapepala ta pulasitiki tosanzira, Thanzi, Panado wa ana. Asanakwere adye zopepuka, osati chipisi chonona mafuta. Wina akayamba chizungulire mumukhazike pamene pakupita mphepo, aziyang'ana kutali kumene madzi akumana ndi mitambo, osati pa foni. Mapiritsi oletsa kusanza alipo ku famase, koma mwana wa mwini musamupatse mankhwala amene makolo ake sanavomereze.

Ngati thumba likulola, lipirani kebini, ndipo isungitseni msanga chifukwa ndi ochepa. Ana mumawatsekera m'kati, inu n'kugona pakhomo. Ikakanika, tengani malo a pamwamba, muyale pakona kutali ndi bala, ana pakati, akuluakulu m'mbali. Pansi penipeni ndi potchipa koma pamadzaza kwambiri, moti kuyang'anira ana anayi pamenepo usiku n'kovuta.

Ndanena kuti akuluakulu, chifukwa nokha musapite. Pa funso lanu simunatchule ngati bambo a kunyumba akubwera nawo. Ngati sakubwera, pezani mng'ono wanu kapena munthu wina wamkulu amene mumamukhulupirira, ngakhale zitatanthauza kuti mumulipirire tikiti. Chifukwa chake ndi ichi. M'madoko ambiri sitima siifika kumtunda, imaima pakuya, anthu n'kumatsikira m'maboti ang'onoang'ono pa kamakwerero ka m'mbali. Nthawi zina zimenezi zimachitika usiku, boti likukwera ndi kutsika ndi mafunde, anthu akukankhana, matumba akudutsa pamutu panu. Muli ndi manja awiri, ana anayi. Ife tinkachita chonchi: mng'ono wanga ankatsika koyamba n'kuima m'boti, ine ndili pamwamba kumupatsira mwana mmodzimmodzi, tikutchula dzina mokweza, ndipo ine ndinkatsika pomaliza. Katundu ankabwera pambuyo pa ana, osati patsogolo. Musalimbirane boti loyamba, lolani a changu apite, lachiwiri kapena lachitatu limakhala ndi malo. Ana asanyamule kanthu m'manja, ndipo pofika kugombe yembekezerani kuti mwina muponda m'madzi, ndiye avale masilipasi omanga kapena nsapato zosavuka. Pa chifukwa chomwechi ine ndimakonda kukakwerera ku Monkey Bay, kudzera msewu wa Dedza n'kutsika Khwekhwerere ku Golomoti, chifukwa kumeneko mumakwera sitima ili padoko, kunja kukuwala. Ulendo umatalika, koma ana amayamba aizolowera sitima asanakumane ndi za maboti.

Mukangokwera, funsani ogwira ntchito kumene kuli majekete oyandamitsa, muwaonetse ana. Ngati mungapeze ang'onoang'ono anuanu, obwereka kapena ogula, ndi abwino pa maboti aja ndi posambira pomwe. Kenako ikani malamulo pamaso pa onse anayi nthawi imodzi, ofanana, kuti wa mwini asaone ngati mukumulondalonda ndiponso wanu asaone ngati iye ndi bwana. Palibe kukwera pa zitsulo za m'mphepete, palibe kuthamanga pa masitepe, palibe kupita kuchimbudzi wekha, usana kapena usiku, palibe kulandira kanthu kapena kutsatira munthu amene sitikumudziwa ngakhale atati watumidwa ndi anti. Mwana aliyense akhale ndi kapepala m'thumba kolembapo dzina lanu ndi nambala yanu.

Za chilango mukambiranenso ndi makolo musananyamuke. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma dzanja lanu lisamukhudze. Kumudzudzula inde, kumukhazika pansi pafupi nanu inde. Ndipo samalani pogawa zinthu. Ana amawerenga zidutswa za nsomba m'mbale kuposa mmene timaganizira, amaonanso amene wafunditsidwa bulangete lokhuthala. Popeza wa mwini sapempha, inu muzimuyamba: wakhuta, ukumva kuzizira, m'mimba muli bwanji, unapita liti kuchimbudzi. Mufunseni ali yekha, chifukwa pagulu adzangoti ndili bwino.

Ndalama ndi zimene zimadanitsa anthu pobwerera. Nenani poyera kuti tikiti, chakudya ndi malo ogona ndi zingati, ndani akulipira chiyani, ndipo mwana akadwala bilu ndi ya ndani. Ngati mwawatenga mwa kufuna kwanu ndipo mulipira zonse, nenaninso choncho kuti makolo asakhale ndi ngongole ya mumtima. Ndalama ya m'thumba imene apatsidwa kwawo musunge ndinu, muzilemba. Tengani ndalama zogwirika zokwanira masiku owonjezera awiri kapena atatu, osadalira Airtel Money kapena Mpamba pokha, chifukwa mphepo ikhoza kukusungani pachilumba. Zithunzi za ana a eni, makamaka ali m'zosambira, musaziike pa Facebook makolo asanalole.

Ku Likoma kokhako akasangalala, musakayike. Apiteni nawo ku tchalitchi chachikulu cha St Peter's chimene anayamba kumanga mu 1903, akaone malambe ndi mapiri a ku Mozambique ali pafupi ngati ungawakhudze. Posambira funsani eni dera malo abwino, chifukwa ng'ona m'nyanjamo zilimo, ndipo wamkulu mmodzi akhale pamtunda maso ali pa ana, foni ili m'chikwama. Usiku aliyense agone m'neti.

Mukabwerera, mwana mukamutule nokha m'manja mwa makolo ake, musamutsitse pa siteji kuti akafika. Muwauze zonse zimene zinachitika, ngakhale zimene zikukuchititsani manyazi, monga kugwa kapena kusowa kwa mphindi zingapo, chifukwa akadzamva kwa mwana nkhani imakula. Muwauzenso kuti malungo amatha kuonekera patapita sabata kapena kuposa, ndiye thupi likangotentha athamangire kukayezetsa, ndipo poti anasambira m'nyanja, pakatha miyezi iwiri akafunse kuchipatala za likodzo, ngakhale mkodzo ukuoneka bwinobwino. Mnyamata wa alamu anga uja ndinakamutula ndi kopopera katsopano m'thumba, ndipo ine ndi mayi ake tinakhala pakhonde mpaka mdima tikukambirana za usiku uja.