Bwanji matchalitchi athu a kuchigwa alibe nsanja zazitali?

Mayi wina wa ku Nchalo wanditumizira imelo. Akuti akaona zithunzi za matchalitchi a ku Ulaya, kenaka n'kulowa mu tchalitchi cha parishi kwathu kuno ku chigwa cha Shire, amadabwa: kodi ansembe ankatimangira mongotitaya?

Ayi amayi, sikunali kutitaya. Tiyambe ndi zaka. Ansembe a chipani cha Montfort anakhazika mishoni yawo yoyamba ku Nzama, m'boma la Ntcheu, mu 1901, ndipo kuchigwa anadzatsikira pambuyo pake. Dayosizi ya Chikwawa inapatulidwa ku Blantyre mu 1965, episkopi woyamba ali Ambuye Eugen Vroemen a ku Netherlands, amene anadzalowedwa m'malo ndi Ambuye Felix Mkhori. Mpando wa episkopi uli mu tchalitchi cha St. Michael pa boma la Chikwawa.

Chaka cha 1965 chomwecho ndi chimene unatha Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, womwe unasonkhanitsa maepiskopi a Katolika a padziko lonse ku Roma, ndipo apa ndiye pali nkhani. Kale wansembe ankachita Misa m'Chilatini atafulatira anthu, guwa litatsamira khoma, choncho tchalitchi chinkakhala chachitali ndi chopapatiza. Msonkhano utatha, guwa linasendera kwa anthu, Misa n'kuyamba kuchitika m'chinenero chathu. Ng'oma zinalowa, kwaya inafuna malo ake, ana ovina anafuna kanjira kotakasuka. Matchalitchi ambiri omangidwa kuyambira pamenepo ndi otambalala, kuti ngakhale gogo wokhala kumbuyo aone zimene zikuchitika paguwa.

Chinanso ndi dzuwa lathuli. Mu Okutobala, Misa yachiwiri isanafike pakati, malata amakhala akulira kale ndi kutentha. Mmisiri wanzeru amakweza denga, amatsegula makomo m'mbali, n'kuika njerwa zabowolabowola kuti mphepo izidutsa. Magalasi amitundumitundu otsekeratu aja ndi okongola pachithunzi, koma kuno akhoza kukomola theka la mpingo ulaliki usanathe.

Lamulungu likudzali mukayang'ane m'munsi mwa khoma. Pomwe maziko ndi afupi, pulasitala amafufuma n'kumagwa chifukwa cha chinyezi, ndipo anthu amene anaona madzi osefukira a 2015 ndi namondwe Freddy mu 2023 safunanso kuuzidwa chifukwa chake masitepe apakhomo ayenera kukhala angapo. Ine ndikadakhala mu komiti ya zomangamanga, chopereka cha miphakati ndikadachithira ku maziko ndi denga, osati ku nsanja. Belu likhoza kulira lili pa chitsulo panja.