Kodi imelo yotsatsa kachewere ingakumangitseni? Yankho kwa mayi a ku Lizulu

Mayi, funso lanu ndaliwerenga. Mwati mumapikula kachewere ndi kabichi kwa alimi a ku Tsangano ndi Bembeke nkumaperekera ma oda, ndiye mwana wanu anagula mndandanda wa ma imelo kwa mnyamata wina pa Ntcheu boma, munatumiza uthenga umodzi kwa onsewo, ndipo bambo wina wa ku Lilongwe wayankha kuti imeneyo ndi spam, kutanthauza mauthenga otumizidwa kwa anthu ambiri osawapempha, akakusumirani ku polisi. Mukufunsa ngati mungamangidwe.

Mtima ukhale pansi kaye. Lamulo lomwe bambowo akuopsezera nalo ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, gawo 91, ndipo chilango chake nchowawa ndithu, chindapusa cha K2,000,000 ndi zaka 5 kundende. Koma gawo limeneli likunena za munthu wotumiza uthenga omwe sanapemphedwe pofuna kuchita malonda oletsedwa kapena zinthu zina zophwanya malamulo. Apa tikunena aja amalemba kuti mwawina galimoto tumizani kaye ndalama pa Airtel Money, kapena onamizira kuti ndi a banki akufuna nambala yanu yachinsinsi. Kugulitsa kachewere si malonda oletsedwa, ndiye pa zomwe mwandiuzazi ine sindikuona kuti mlandu wa gawo 91 ungaime pa khothi.

Komatu musati basi zatha, ayi. Pomwe pali vuto lanu ndi pa mndandanda munagulawo, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa amalonda ambiri amagwera pomwepa asakudziwa.

Lamulo la 2016 lomwelo lili ndi mbali yoteteza ogula, imene imafuna kuti munthu wamba avomere kaye musanayambe kumutumizira mauthenga otsatsa malonda, komanso mumupatse njira yoti anene kuti zandikwana ndichotseni. Kenako kunabwera Data Protection Act ya 2024, lamulo loteteza zinthu zamwini za anthu, yomwe amayang'anira ndi a MACRA, bungwe loona za mauthenga ndi mafoni. Imelo yomwe ili ndi dzina la munthu imatengedwa ngati zinthu zake zamwini, chimodzimodzi nambala yake ya foni, ndiye kuti muigwiritse ntchito pamafunika chifukwa chovomerezeka ndi lamulo, ndipo mwini wake ali ndi ufulu okana kuti musamamutsatsire malonda. Tsono mnyamata anakugulitsani uja ma adiresiwo anawatenga kuti? Mwina anakopera pa mapepala olembetsa pa msonkhano wina, mwina anthu anabwera kudzaprintitsa ma CV iye nkusunga, inu simukudziwa, ndipo bambo wa ku Lilongwe uja akakufunsani kuti imelo yanga munaipeza bwanji mulibe choyankha chomveka. Kunena kuti ndinagula sikukuchotsani mmadzi chifukwa amene anatumiza ndi inuyo.

Nanga imelo yololedwa imaoneka bwanji? Tiyerekeze hotela ina ku Lilongwe kapena sukulu yogonera pompo ku Dedza yaika pa tsamba lake adiresi ya ofesi yogula zinthu. Inu mwalembera ofesi imeneyo, mwatchula dzina la bizinesi yanu, kuti muli pa Lizulu, nambala ya foni, mtengo wa thumba la 50kg, masiku omwe galimoto yanu imapita ku tauni, nkumaliza ndi mzere oti ngati simukufuna mauthenga ena tiyankheni tisiya. Sanakupempheni nzoona, koma adiresiyo anaiika okha poyera kuti amalonda aziwapezerapo ndipo katundu wanuyo akugwirizana ndi ntchito yawo. Kumeneko nkuchita odi pa geti masanasana, akati sitikufuna mwabwerera. Zimasanduka spam pamene uthenga omwewo wapita kwa anamwino, ophunzira, abusa, anthu oti alibe nazo ntchito matumba 40 a kachewere, kapena mutu wa imelo ukunama, mwachitsanzo kulemba kuti yankho la oda yanu pomwe munthuyo sanaodeko kanthu. Choipitsitsa nkupitiriza kutumiza munthu atakana kale. Chimenecho ine sindingakuikireni kumbuyo ngakhale pang'ono, ndipo mukamalimbikira nkhani imatha kusintha nkukhala yovutitsa munthu pa intaneti, umene ndi mlandu wina mlamulo lomwelo.

Palinso kanthu kena kamene ana athu amalakwitsa potumiza, amaika ma adiresi onse pamalo amodzi poonekera moti aliyense olandira akuona ma imelo a anzake onse. Kafunseni mwana wanu ngati anatero, chifukwa ngati ndi choncho ndiye kuti mwagawanso zinthu za eni kwa anthu osawadziwa.

Mwanenanso kuti mukufuna kulembera ogula a ku Johannesburg za nyemba. Kumeneko ali ndi lamulo lawo la POPIA, limalola kumufikira munthu kamodzi kokha pomupempha chilolezo, akakana kapena osayankha musiye. Ku Ulaya nako kuli lamulo lotere la GDPR kuyambira 2018.

Tsopano chochita. Bambowo muwayankhe lero lomwe, mwachidule ndi mwaulemu, osakangana nawo zoti spam ndi chani. Muwauze kuti imelo yawo mwaichotsa simuwalemberanso, ndipo akafunsa komwe munaitenga auzeni zoona. Yankho limenelo musunge, mulijambule ndi pa foni komwe, chifukwa akakadandaula ku MACRA chinthu chokuthandizani ndi umboni oti munasiya atangonena. Mndandanda munagula uja muufufute onse, ndalama munalipirayo ingoiwalani. Yambani wanu wanu, kabuku ngakhale ka hardcover, mukalemba dzina la kasitomala muzilembanso tsiku ndi momwe anakupatsirani imeloyo, kaya pa msika, kaya pa WhatsApp, kaya munaiona pa tsamba la kampani yawo.

Apolisi akakuitanani musathawe komanso musatumize mwana yekha. Pitani, funsani kuti dandaulo ndi lotani ndipo likuchokera pa gawo liti la lamulo. Gawo 42 la malamulo akulu a dziko lino limakupatsani ufulu okhala chete ndi oonana ndi loya, ndipo munthu akamangidwa amayenera kukaonekera ku khothi pasanathe maola 48. Musasaine sitetimenti yomwe simunaiwerenge kapena yomwe sanakuwerengereni mChichewa. Ngati ya loya palibe, a Legal Aid Bureau ntchito yawo ndi imeneyo. Ndipo wina akati perekani kenakake nkhani ithere pompa, musapereke.

Munditumizire imelo munatumizayo momwe inalili ndi mutu wake omwe, ndiione mawu ake, chifukwa zonse ndanenazi zatsamira pa zoti munalibe bodza lililonse pa mitengo kapena pa dzina la bizinesi.