Kwatsala masabata 6 kuti mwana akapikisane: ndimuwonjezere nthawi yosambira?

Mayi wina wa ku Malawi amene akukhala ku Johannesburg wandilembera imelo. Mwana wawo wamkazi wa zaka 11 wakwanitsa nthawi yomulowetsa mu Level 2, umodzi mwa mipikisano ya ana yomwe bungwe loyendetsa masewera osambira la Swimming South Africa limachititsa potengera misinkhu. Kwatsala masabata 6. Mwanayo amasambira kanayi pa sabata, ndipo mayiwa akufunsa ngati kuli bwino kumupezera kochi wina wa m'mawa, komanso kumugulira chovala chosambirira chodula chija cha akatswiri poti anzake ena ali nacho kale.

Mayi, choyamba mumuyamikire mwanayo, wagwira ntchito. Koma pa mafunso onse awiri yankho langa ndi ayi.

Mphamvu zomwe akapikisane nazo anazipanga kale miyezi yapitayi. Mukamuwonjezera maulendo a 5 koloko m'mawa panopa, chomwe chionjezereke ndi kutopa, tulo m'kalasi ndi kuwawa kwa mapewa, lomwe ndi vuto lofala kwambiri mwa osambira. Ndiye taganizani makochi awiri, wina akuti dzanja lilowe m'madzi chonchi, wina akuti ayi. Mwana wa zaka 11 amvere uti? Kochi wake akamayandikira mpikisano achepetsa mtunda koma liwiro lisiyidwa momwemo, kuti thupi lipume. Mukaona akutuluka m'madzi msanga sabata yomaliza musadandaule kuti ndalama zanu zikupita pachabe, ndi dala.

Pomwe ndikufuna muike mtima ndi pa malamulo, chifukwa ana ambiri amalira pa mpikisano osati poti achedwa, koma poti pa dzina lawo palembedwa DQ, kutanthauza kuti nthawi yawo yafufutidwa. Woyambitsa akanena kuti "take your marks", mwana agwire malo ake n'kukhala chete osagwedezeka mpaka belu lilire. Akadumpha msanga kamodzi kokha, basi, mwayi wachiwiri palibe. Pa breaststroke (kusambira ngati chule) ndi butterfly (kuponya manja onse awiri pamodzi pamwamba pa madzi), manja onse awiri agunde khoma nthawi imodzi, potembenuka ndi pomaliza pomwe. Mwana akatopa, dzanja limodzi limatsogola iye osadziwa, ndipo woyang'anira amakhala ataima pamwamba pake penipeni akuyang'ana zomwezo. Pa freestyle (kasambiridwe kalikonse komwe wasankha), backstroke (kusambira chagada) ndi butterfly, akayamba kapena akatembenuka, mutu ukhale utatuluka m'madzi pofika mamita 15. Pa backstroke amalize ali chagada. Pamwamba pa dziwe pamakhala timbendera tomwe timapachikidwa mamita 5 kuchokera pa khoma, ndipo mwana ayenera kudziwa pamtima kuti akadutsa pansi pake amapalasa kangati asanagunde. Amene sadziwa amayamba kucheuka, liwiro n'kutha, kapena amadzigunditsa mutu. Ngati walembetsa medley, mpikisano wophatikiza masambiridwe onse anayi, ndondomeko yake ndi butterfly, backstroke, breaststroke, kenako freestyle, ndipo pochoka pa backstroke agunde khoma akadali chagada.

Zimenezi ndi zomwe zingakonzeke m'masabata 6. Mupempheni kochi wake, mwaulemu, kuti aone madumphidwe, matembenukidwe ndi mamalizidwe a mwanayo. Theka la sekondi limapezeka pa khoma mosavuta kusiyana ndi pakati pa dziwe.

Funsaninso kutalika kwa dziwe lomwe akapikisaniremo. Makalabu ambiri amaphunzitsira m'dziwe la mamita 25, pomwe mipikisano ikuluikulu imakonda kuchitikira mu la mamita 50. Mwana wozolowera laling'ono amadabwa kuti khoma silikufika. Pa mamita 100 amatembenuka kamodzi m'malo mwa katatu, choncho nthawi yake imakwerako pang'ono ngakhale wasambira bwino. Ngati mungathe, mupite naye kawiri kapena katatu ku dziwe lalitali tsiku lisanafike, ndipo mumuuziretu za nthawiyo kuti asakakhumudwe.

Za chovala sindichulutsa mawu. Zovala zija anazipangira matupi okhwima, zimathina kwambiri ndipo sizichedwa kutha mphamvu. Ku America, bungwe loyendetsa masewera osambira la USA Swimming linaletsa ana a zaka 12 kutsika m'munsi kuvala zoterezi kuyambira September 2020. Chovala wamba chomukwana bwino n'chokwanira. Ndalamayo mugulire magalasi osambirira achiwiri ndi kapu ina, chifukwa lamba wa magalasi amaduka nthawi yoipa. Magalasi atsopanowo adumphe nawo kangapo pophunzira, aone ngati sakuvuka.

Tsiku lenilenilo limakhala lalitali. Mwana atha kudikira maola atatu kuti asambire sekondi 40. Mumunyamulire matawulo awiri, juzi, masokosi ndi nsapato kuti asazizidwe, madzi akumwa, nthochi, buledi, ndi chakudya chomwe mimba yake inazolowera. Zakumwa zija amati zopatsa mphamvu musamupatse. Manambala a mpikisano wake, gulu lake ndi mzere wake mumulembere pa mkono ndi cholembera chosafufutika, kuti akaitanidwa asasokonezeke. Tulo ta maola 9 kapena kuposerapo tiyambe panopa, osadikira usiku womaliza, poti usiku umenewo mantha samugonetsa bwino.

Chinthu china chikakuvutitsani mukakhala pa mabenchi: mukaona atsikana a zaka 11 omwe atalika kale ngati a 14. Pa msinkhu uwu ena amakhala atayamba kukula, ena ayi, ndipo wobadwa miyezi 10 patsogolo amakhala ndi mwayi waukulu. Mndandanda wa opambana umasintha kwambiri akamafika zaka 15 ndi 16. N'chifukwa chake ndikupempha kuti mugwirizane naye zolinga zomwe zili m'manja mwake: kuposa nthawi yake yakale, kutembenuka mwaukhondo, kumaliza opanda DQ. Akatuluka m'madzi apite kaye kwa kochi akamve zokonza. Akafika kwa inu mumufunditse tawulo, mumupatse chakudya, ndipo nkhani ya masekondi muisiye mpaka ataiyamba yekha.