Wailesi ya boma ndi chokolo, achemwali

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Akuti akaimba foni kumudzi ku Dedza, macheza ndi bambo awo amathera pa mkangano. Iwo nkhani za kwathu amazitsatira pa Facebook ndi pa Zodiak, pomwe mdala amamvera MBC basi. Funso lawo ndi ili: "Ndikawauza kuti zinthu zavuta m'dziko, amandiyankha kuti wailesi sinanene zimenezo. Kodi akunama ndani pa mawailesi amenewa? Nanga bambo angawa ndiwatani?"

Achemwali, choyamba musamawakalipire bambo. MBC inayamba mu 1964, ndipo kwa zaka 30 za Kamuzu inali yokhayo m'dziko muno. Kanema tinadzamuona mu 1999, TVM itatsegulidwa. Munthu amene anakula nthawi imeneyo maliro a abale ake ankawamvera pa mauthenga achisoni, mpira ankaumvera pomwepo, madzulo n'kumaseka Nkhani za m'maboma, zija za afisi olowa m'nyumba ndi anthu ogwa m'lichero. Mawu akuti "zanenedwa pa wailesi" ankathetsa mkangano uliwonse pa bwalo. Ndiye inu mukufuna kuzula zimenezi ndi mayunitsi a mphindi zisanu?

Tsono za kunama. Ine ndimati MBC ilibe chipani. MBC ndi chokolo: amene walowa m'nyumba ndiye mwamuna, ndipo amaphikiridwa nsima ngati kuti woyamba uja sanakhaleko. Nthawi ya a Muluzi inkavala zachikasu. A Bingu atalowa, panabwera pulogalamu ya Makiyolobasi yomwe ntchito yake inali kunyogodola otsutsa, mpaka aphungu otsutsa, amene anali ambiri m'Nyumba ya Malamulo, anakwiya n'kuipatsa K1 yokha mu bajeti. Inde, kwacha imodzi. Koma zimene sindidzaiwala ndi za mu April 2012. A Bingu anamwalira pa 5. Usiku wa pa 6 nduna zingapo zinaonekera pa kanema wa boma kunena kuti mayi Joyce Banda sangatenge mpando. Pa 7 mayiwo analumbira, ndipo posakhalitsa makamera omwe aja, amene ankawadutsa ngati sakuwadziwa, anayamba kuwatsata paliponse, ngakhale kokagawa ng'ombe.

Chipani chilichonse chikakhala kotsutsa chimalumbira kuti chikadzalowa m'boma chidzamasula MBC. A mgwirizano wa Tonse ananenanso zomwezo mu 2020. Pofika chisankho cha pa 16 September 2025, amene ankadandaula kuti wailesiyi ikukondera anali a DPP, omwe aja ankaidyerera dzana. Lero a Peter Mutharika abwerera pa mpando, ndipo sindikuyenera kukuuzani kumene nsima ikuphikidwira. Lamulo limati wailesi ya boma izipereka mpata kwa onse, pakuti imayenda ndi misonkho ya tonsefe. MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi, iliponso. Koma akuluakulu a mabungwe amenewa amawasankha ndani?

Musathamangire kuwomba m'manja, achemwali, chifukwa kumbali yanu nakonso kuli eni ake. The Nation anaiyambitsa ndi a Aleke Banda mu 1993, munthu wandale wotheratu. The Daily Times eni ake ndi a banja la Kamuzu. Zodiak ndi ya a Gospel Kazako, amene mu 2020 anakhala nduna yofalitsa nkhani m'boma la a Chakwera. Sindikunena kuti amanama ayi. Ambiri a ife zotsatira za chisankho timazidikira pa Zodiak pomwepo, usiku wonse, ndipo nkhani zambiri za katangale tinazidziwira m'nyuzi zimenezi. Kungoti mtolankhani naye ndi munthu, ali ndi lendi. Pali kamawu kena kamene amakadziwa onse a ntchitoyi, chipondamthengo, kaenvelopu kamene amalandira msonkhano wa atolankhani ukatha, akuti ndi ka thiransipoti. Wolandira kaenvelopu kawirikawiri salemba bodza. Amangoiwala funso limodzi lija.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Wailesi yokondera siichita kupeka. Ikati mtsogoleri watsegulira mlatho, mlathowo ulipodi. Chimene simumva n'chakuti tsiku lomwelo magalimoto anagona pa mzere wa mafuta. Za Facebook ndi WhatsApp ndiye ndisayambe n'komwe. Tsiku lina mu minibasi yochokera ku Limbe, mnyamata wina anatiyikira voice note ya munthu wosatchula dzina, wolankhula monong'ona, akuti ali ndi m'bale wake "mkati mwenimweni". Basi yonse inakhala chete ngati m'tchalitchi. Kondakitala mpaka anaiwala chenji changa, kaya anaiwaladi. Palibe anafunsa kuti wonong'onayo ndani. Ndiye ife amene timaseka achikulire kuti amakhulupirira wailesi, tasiyana nawo pati?

Za bambowo, siyani kuwafunsa kuti wailesi yanena chiyani. Afunseni kuti thumba la feteleza lafika pa bwanji pa Dedza boma, shuga akupezeka pa golosale kapena ayi, kuchipatala anawapatsa mankhwala kapena anawalembera kapepala koti akagule. Mudzadabwa. Mdala amene amati zonse zili bwino adzakuwerengerani mavuto mpaka mayunitsi kutha, ndipo pomaliza adzakupemphani kuti muwonjezereko pa ndalama ya mwezi uno. Amadziwa zonse amenewo. Chimene sakufuna n'choti mwana wawo wa ku Joni awauze kuti mnzawo wa zaka 60 ndi wabodza.

Mukamatumiza katundu pa Khirisimasi, muyikemo kawailesi ka sola kogwira masiteshoni ambiri. Musanene kalikonse. Mayi ndi amene azidzapotokola bambo akapita kudimba.