Chifukwa chake graph ya (x − 3)² imapita kumanja

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji graph ya y = (x − 3)² imasunthira kumanja poyerekeza ndi ya y = x², pomwe pali chizindikiro chochotsera. Inenso zinkandizunguza mutu. Dzifunseni kuti x akhale chiyani kuti m'mabulaketimo mutsale ziro? Ndi 3. Ndiye kansonga ka parabola, graph yokhota ngati U imeneyi, kali pa (3, 0). Koma y = x² − 3 imangotsika, kansonga kake kali pa (0, −3).

Musaloweze pamtima, jambulani. Ine ndinkachitira pa kapepala m'takisi yochokera ku Bree kupita ku Randburg, ku Johannesburg. Ikani x kuyambira 1 mpaka 5, mupeza 4, 1, 0, 1, 4, ndipo muona nokha pamene yakhotera.

Musanalowe mayeso, yesaninso 1/(x − 2). Pamenepo x sangakhale 2, pali asymptote, mzere umene graph imauyandikira koma osaukhudza.