Yankho: Pansi pa nyumba yakale ya ku Ulongwe

Achimwene, mwafunsa ngati mungangokhomera matabwa atsopano pamwamba pa akale amene ayamba kunyenyeka m'nyumba ya makolo anu ku Ulongwe. Chonde musatero. Zulani onse muone mitanda ya pansi. Ibayeni ndi msomali: ukalowa mosavuta, ndiye kuti chiswe kapena chinyezi chadya kale mkati, ndipo chilichonse chimene mungaike pamwamba chidzatitimira.

Kuno ku Angónia, boma la ku Mozambique kumene kuli Ulongwe, mvula imagwa yambiri ndipo dothi limasunga madzi, choncho ine ndikanasiya za matabwa n'kuthira konkire. Chotsani zoola zonse ndi mizu, thirani mankhwala a chiswe, kenako dzazani dothi lolimba pang'onopang'ono, mukuwaza madzi ndi kutsindira gawo lililonse. Apa ndi pamene anthu amachitira changu, ndipo zimandimvetsa chisoni, chifukwa ming'alu yambiri imayambira pomwepa. Pamwamba pake yalani miyala ndi mchenga, kenako pulasitiki yakuda yochindikala, yopitirirana polumikiza ndi yokwera pang'ono m'khoma, kuti chinyezi chisakwere.

Konkire ikhale ndowa 1 ya simenti, 2 za mchenga, 4 za miyala, yochindikala masentimita 10. Musachulutse madzi pokanda ngakhale amisiri adandaule kuti ikuuma msanga. Muziithirira masiku 7, makamaka mukathira mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Matailosi adikire; konkire imafika mphamvu yake pa masiku 28.

Musanayambe, yang'anani kunja kaye. Ngati madzi a padenga akutsikira m'tsinde mwa khoma, kumbani ngalande yowapatutsa.